Kalata kwa akuluakulu a zaumoyo: yambani kuwerenga mmene zipatala zikusankhira mankhwala a chibayo

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, ndi inu nonse oyang'anira zipatala m'maboma muno,

Ndakupatsani moni nonse. Ine ndi mayi wa ana atatu, ndinagwirapo unamwino zaka 11 m'zipatala za boma ndisanasiye, ndiye chaka chathachi ndinabwereranso mu wodi koma ulendo uno ngati gadiyani, kugona pa chitenje pansi pa bedi la amayi anga. Zomwe ndilembe apazi ndaziona ndili mbali zonse ziwiri, nditagwira sirinji komanso nditagwira beseni. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Amayi anayamba ndi kachifuwa wamba, tonse tinkati ndi fumbi la mu Okutobala. Patatha sabata thupi linayamba kutentha usiku, akamapuma kumabaya m'nthiti mbali ya kumanja, achimwene anga kumudziko anathamangira pa okala nkuwagulira makapisozi anayi okha poti ndalama inathera pomwepo. Sizinathandize. Anawatengera pa kiliniki ina yolipira ya pamsika, kumeneko palibe anawerenga kapumidwe kawo olo kuwamvera m'chifuwa, anangomva kuti chifuwa ndi kutentha thupi basi nkuwapatsa antibayotiki wa cipro wa masiku 5. Anapezako bwino pang'ono ndipo tonse mitima inakhala pansi, osadziwa kuti pamenepo mpomwe tinasokera. Cipro pa kachilombo kamene kamabweretsa chibayo kwambiri, kaja timati pneumococcus, ndi wofooka, koma kachilombo ka TB amakakhudzako, amakagonetsa osakapha, nde munthu amaoneka ngati wachira kwa masabata angapo kenako matenda nkudzuka ndi mphamvu.

Atadzuka matendawo ndi pomwe ndinawatengera ku chipatala cha boma, dzina sinditchula chifukwa anthu ogwira ntchito kumeneko sindikufuna wina awaloze chala, ndipo zomwe zinachitika kumeneko zikanachitika kwina kulikonse. Anafika akubanika, akuyankha zosokonekera. Anawaika kanyula nkuyamba jakisoni wa ceftriaxone, amene timangoti ceft, ndipo apa sindikudandaula ayi, munthu wa zaka zoposa 65 wobanika chonchija amayeneradi jakisoni wamphamvu. Chomwe chikundiwawa ndi zomwe zinatsatira. Mu fayilo mwawo simunalembedwe kuti akupuma kangati pa mphindi. Kachipangizo kopanira pa chala koyezera okisijeni kanalipo koma mabatire anali atatha. Tsiku lachitatu anatiuza kuti mankhwala atha mukagule, ndinapeza ndalama madzulo a tsiku lachinayi, ndiye tsiku lathunthu linadutsa opanda jakisoni. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anali akutenthabe thupi usiku, akutuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, koma pa raundi mawu anali amodzimodzi, pitirizani ceft. Anatitulutsa. Patatha masabata atatu tinabwereranso akutsokomola magazi, ndipo mnyamata wina wachichepere, kilinikala ofesa, anatsegula kabuku kawo ka kuchipatala nkuwerenga tsamba ndi tsamba kenako anandiyang'ana nkufunsa kuti mayi, makhololo anayezedwapo? Anali asanayezedwepo. Anawaika pa makina oyezera TB a GeneXpert, mawa lake zotsatira zinabwera, chifuwa chachikulu. Miyezi iwiri, maantibayotiki a mitundu itatu, ndalama ya feteleza yonse itapita, ndipo nthawi yonseyo akugona nyumba imodzi ndi zidzukulu.

Ndikalemba chonchi wina aganiza kuti ndikunyoza anzanga a mu wodi. Ayi ndithu. Ineyo ndinachitapo zomwezo ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Usiku ukakhala wekha ndi wodi yodzadza mpaka ena pansi, jakisoni wa benzylpenicillin, amene timati X-pen, amafuna kubaya maola 6 aliwonse, kanayi pa tsiku, pomwe ceftriaxone ndi kamodzi basi wathana nazo, nde dzanja limangopita lokha ku ceft. Wolemba mankhwala nayenso ali ndi mzere wa anthu mpaka panja, ekisileyi yafa kapena magetsi kulibe, labu singamuuze kuti ndi kachilombo kanji, ndiye amasankha mankhwala amene akuganiza kuti aphimba zonse kuti agone tulo. Ndipo gadiyani nayenso amafuna jakisoni, ukamupatsa mapiritsi amaona ngati wam'peputsa. Palibe amachita izi chifukwa cha nkhanza. Koma palibenso amene amabwera mwezi ukatha kudzafunsa kuti mwa odwala chibayo amene munagoneka mwezi uno, ndi angati analandira mankhwala amene buku lathu la Malawi Standard Treatment Guidelines limanena. Zaka zonse 11 zija anthu ankabwera kudzawerenga LA, kudzawerenga ma ARV mpaka piritsi limodzi limodzi, kudzaona kaundula wa TB, koma za maantibayotiki a chibayo cha akulu sindinafunsidwepo olo kamodzi. Nkhani ya kalata yanga ndi imeneyi basi.

A bwana, mtengo wa chizolowezi chimenechi ukuoneka kale ndipo manambala ake ndi athu omwe, ochokera ku Blantyre. Ofufuza a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome pamodzi ndi a ku Queens anasanthula magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016 nkusindikiza zotsatira mu 2017. Anapeza kuti tizilombo ta E. coli tokana mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali tosakwana 1 pa 100 aliwonse mu 2003, pofika 2016 tinali pafupifupi 30 pa 100. Klebsiella ndiye anachoka cha pa 12 kufika pa 90 pa 100. Tangoganizani, mwa ma Klebsiella 10 opezeka m'magazi a odwala, 9 ceft sankawakhudza chaka chimenecho. Ndipo Klebsiella ameneyu ndi yemwe amakonda kugwira makanda ku nazale ndi odwala amene atenga chibayo ali kale mu wodi. Ceft akalephera chotsatira ndi mankhwala ngati meropenem, odula, amene chipatala cha pa boma sichingangowapeza pa shelefu. Nde tikamabaya ceftriaxone munthu amene amoxicillin akanamuchiza, tikudya mbewu, mawa mwana wa mnzathu adzafuna mankhwala omwewo atasiya kugwira. Padziko lonse kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu okwana 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, matenda a m'mapapo ndi omwe anatsogola, ndipo dera lomwe linapwetekeka kwambiri ndi lathu lino la kumwera kwa Sahara.

A WHO anagawa kale maantibayotiki m'magulu atatu kuyambira 2017, Access, Watch ndi Reserve. Amoxicillin ali mu gulu loyambalo, lomwe tiyenera kugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ceftriaxone ali mu Watch, oti tizimusamala. Mu 2024 mayiko ku United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 maantibayotiki 70 pa 100 aliwonse amene anthu akulandira azikhala a gulu loyambalo, ndipo ifenso tinakhazikitsa ndondomeko yathu yolimbana ndi vutoli mu 2017. Mapepala alipo, abwinobwino. Koma kilinikala ofesa wa pa health centre ya kumudzi sadziwa kuti chipatala chake chili pa 40 kapena pa 80 pa 100, chifukwa palibe anamuuzapo.

Chomwe chimandipweteka kwambiri nchakuti ifeyo a Malawi tinachitapo kale zimenezi ndipo zinatheka, sikuti ndikupempha zachilendo. Amene munali mu utumiki cha m'ma 2000 mukukumbukira Child Lung Health Programme, ija unduna unayendetsa ndi bungwe lolimbana ndi TB ndi matenda a m'mapapo la The Union m'zipatala za m'maboma. Mwana aliyense wogonekedwa ndi chibayo ankakhala ndi fomu yakeyake, pamenepo umalemba msinkhu, kulemera, kapumidwe, ngati nthiti zikulowa mkati, zizindikiro zoopsa, gulu la chibayocho, mankhwala amene wapereka ndi nthawi ya dozi iliyonse, mpaka mmene mwanayo watulukira, wamoyo kapena ayi. Fomu ija inkakukakamiza kuganiza, sukanalemba kuti chibayo choopsa usanawerenge kapumidwe, ndipo unkadziwa kuti kubwera munthu kudzaiona. Ofufuza atasonkhanitsa mafomu a ana oposa 100,000 kuyambira 2001 mpaka 2012 anapeza kuti imfa zinatsika kuchoka pa ana 15 pa 100 kufika pa osakwana 5 pa 100. Inde pali zina zinathandizira, akatemera oteteza ana ku chibayo anabwera, wa Hib analowa mu 2002, wa PCV13 mu Novembala 2011, ma ARV anafalikira, okisijeni anayamba kupezekako. Koma ine amene ndinadzazapo mafomu aja ndi dzanja langa ndikudziwa kusiyana kwa wodi imene ikuwerengedwa ndi imene sikuwerengedwa. Nanga bwanji nzeru imeneyi sinawoloke khonde kupita ku wodi ya abambo ndi ya amayi?

Kwa ana malamulo ndi osavuta ndipo mlangizi wa zaumoyo wa ku village clinic amawadziwa pamtima. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, wa chaka mpaka zaka zosakwana 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa, ndi chibayo, mpatseni amoxicillin wosungunula m'madzi uja. Kuyambira 2014 a WHO anati olo mwana amene nthiti zikulowa mkati, ngati alibe zizindikiro zoopsa, amoxicillin wakumwa akwanira. Wokomoka, wolephera kuyamwa, wosanza chilichonse, amene okisijeni watsika pansi pa 90 pa 100, ameneyo ndiye wa jakisoni, ampicillin kapena penicillin pamodzi ndi gentamicin, ceftriaxone nkubwera pambuyo zikakanika. Ndipo ku Lilongwe konkuno, ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila, kunachitika kafukufuku wa ana 3,000 opanda HIV amene nthiti zinkalowa mkati, zotsatira zinatuluka mu 2020 kuonetsa kuti amoxicillin wa masiku 3 anagwira ntchito mosasiyana kwenikweni ndi wa masiku 5. Dziko lonse linaphunzira kuchokera kwa ana athu. Nde zimandimvetsa chisoni kuona mwana wongopuma mofulumira, akuyamwa bwinobwino, akusewera ndi foni ya mayi ake, ali ndi kanyula pa dzanja chifukwa choti amoxicillin ku famase kulibe koma ceft alipo.

Kwa akulu nakonso sikuti pamafunika makina odula kuti udziwe woti apite kunyumba ndi mapiritsi ndi woti agonekedwe. Mafunso ndi anayi, kodi mutu wasokonekera, kodi akupuma ka 30 kapena kuposa pa mphindi, kodi nambala yapamwamba ya BP yatsika pansi pa 90, kodi wafika zaka 65. Wotchi ndi makina a BP basi. Amene alibe chilichonse mwa izi nthawi zambiri amoxicillin wa masiku 5 amamukwanira. Koma kwathu kuno pali mafunso ena awiri amene buku la ku Ulaya silingawaike patsogolo pomwe ife sitingawalumphe, HIV ndi TB. Munthu amene chitetezo chatsika kwambiri atha kukhala ndi chibayo cha PCP chimene ceftriaxone sachikhudza nkomwe, chimafuna Bactrim wa dozi yaikulu. Ndipo TB imabwera itavala malaya a chibayo, ngati mmene inachitira ndi amayi anga. Ndiye kusankha bwino mankhwala a chibayo ku Malawi kuno kumayambira pa kuyeza magazi ndi kutenga makhololo tsiku loyamba lomwelo, osadikira kuti munthu abwerenso kachitatu.

Pempho langa ndi ili a bwana. Bweretsani fomu ya chibayo ya tsamba limodzi mu wodi iliyonse, ya ana ndi ya akulu yomwe, m'zipatala za boma, za CHAM ndi zolipira zomwe. Pakhale kapumidwe, okisijeni, kukula kwa matenda, zotsatira za HIV, ngati makhololo atumizidwa, mankhwala oyamba amene aperekedwa, ndipo ngati asiyana ndi a m'buku pakhale mzere wolembapo chifukwa. Pakhalenso bokosi la tsiku lachitatu, lofunsa kuti wodwala akupeza bwanji, kodi tingamuchotse pa jakisoni kupita pa mapiritsi, ngati sakusintha taganiza chiyani china. Bokosi limeneli lokha likanawapulumutsa amayi anga mwezi wathunthu. Kenako mwezi uliwonse munthu wa ku famase ndi namwino mmodzi ndi kilinikala mmodzi akhale pansi atenge mafayilo olo 20 okha awerenge, angati analandira zoyenera, angati anadumphitsa dozi, angati anayezedwa TB. Manambalawo alowe mu kaundula wa pa kompyuta wa unduna uja wa DHIS2 ngati mmene amalowera a malungo, ndipo amatidwe pa bolodi pakhomo la chipatala m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, kuti gadiyani aziwerenga, a komiti ya chipatala aziwerenga, a khansala aziwerenga.

Kunja zinachitikapo ndipo pali phunziro loti titengepo tisanayambe. Ku America boma linkasindikiza poyera, chipatala ndi chipatala, kuti mwa odwala chibayo ndi angati analandira antibayotiki woyenera poyambirira, ndipo zipatala zinakwera mpaka pafupifupi zonse zinkakhoza. Koma analinso ndi muyezo wina woti wodwala alandire mankhwala pasanathe maola 4 chifikireni, umenewu unabweretsa mavuto chifukwa madokotala poopa kutsika pa mndandanda anayamba kubaya maantibayotiki anthu amene sanali ndi chibayo nkomwe, mpaka anausintha kukhala maola 6 kenako anausiya. Nde chonde musatipatse muyezo wothamangitsa anthu, ndipo musaugwiritse ntchito ngati chikwapu. Mukangoyamba kudula anthu malipiro kapena kuwasamutsa chifukwa cha manambala, mafomu onse adzakhala okongola ndipo adzakhala abodza, ndikukuuzani ngati munthu amene anakhalamo. Amene wapezeka kuti chipatala chake chili pansi mumutumizire munthu wodziwa akayende naye raundi sabata imodzi, ndi momwe anthu amasinthira.

Ndipo fomuyo ikhale ndi malo olembapo kuti mankhwala oyenera kunalibe. Apa ndiye ndikupemphani kwambiri, chifukwa simungamuimbe mlandu munthu kuti sanapereke amoxicillin pomwe shelefu ili mbee. Mzere umenewu ukamawerengedwa udzakuonetsani inuyo ku Capital Hill ndi anzathu a ku Central Medical Stores Trust kuti vuto lili pa cholembera cha kilinikala kapena lili pa galimoto yobweretsa mankhwala. Amoxicillin, benzylpenicillin, gentamicin, awa ndi mankhwala otchipa, akale, opanda mwini, asamathe ngati mmene sitilolera kuti ma ARV athe. Dziko lomwe lakwanitsa kufikitsa ma ARV kwa anthu pafupifupi miliyoni mwezi ndi mwezi mpaka kumidzi yakutali silingalephere amoxicillin, njira yake mukuidziwa kale. Chimodzimodzi mabatire a kachipangizo ka pa chala kaja, zinthu za ndalama yochepa zomwe zimasiyanitsa woti apite kunyumba ndi woti aikidwe pa okisijeni.

Za malabu ndingonena mwachidule poti ndikudziwa kuti ndi ndalama zambiri. Sikuti health centre iliyonse ikhale ndi makina omeretsa tizilombo ayi. Koma zipatala zazikulu zinayi zija, Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, zomwe zikupeza m'malabu mwawo zizibwerera kwa olemba mankhwala m'maboma kamodzi pa chaka pa pepala limodzi losavuta, kuti m'chigawo chino tizilombo takuti sitikumvanso mankhwala akuti. Panopa zotsatira zotere zimathera m'magazini a ku London, mnyamata wa pa health centre amene akufunika kuzidziwa saziona.

A PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi mafamase, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Makapisozi anayi amene achimwene anagula pa okala aja sanagwe kumwamba, ndipo pamsika uliwonse mupeza mavenda atayala Bactrim, doxy ndi amoxicillin padzuwa pafupi ndi tomato. Ndikudziwa kuti anthu amagula kumeneko chifukwa chipatala chili kutali ndipo akafika amauzidwa kuti kulibe, nde kuthamangitsa mavenda kokha sikungathetse kanthu ngati shelefu ya boma ili yopanda kanthu. Koma makiliniki olipira ndi mafamase amene ali ndi ziphaso zanu, amenewo mungawafunse ndithu kuti bwanji mukupereka cipro kwa munthu wa chifuwa cha masabata awiri musanamutumize kukayezetsa makhololo. A Medical Council ndi a Nurses and Midwives Council, poti timabwera kwa inu chaka ndi chaka kudzakonzanso ziphaso, ikanipo phunziro la maantibayotiki kuti aliyense azidutsamo, olo la pa foni.

Pa 12 Novembala timakumbukira tsiku la chibayo, ndipo kuyambira pa 18 mpaka 24 mwezi womwewo ndi sabata ya tizilombo tosamva mankhwala. Chaka chino m'malo mwa ma T-shirt ndi kuguba, ndikanakonda kumva a Nduna mutaima nkutchula zipatala zisanu zokha zomwe ziyambe kudzaza fomuyi, ndi tsiku lomwe manambala oyamba adzamatidwe pakhomo. Mukafuna anthu okathandiza kuwerenga mafayilo, tilipo anamwino ambiri amene tinasiya kapena tinapuma, ine ndidzakhala woyamba kulembetsa ndipo sindidzafunsa alawansi.

Amayi anamaliza mankhwala a TB a miyezi 6, ali moyo, tikuthokoza Mulungu ndi mnyamata uja anafunsa za makhololo. Koma mapapo anawonongeka, khasu anasiya, akayenda kuchoka pakhomo kufika pa mjigo amaima kawiri kupuma. Mdzukulu wawo mmodzi wa zaka 4 amene ankagona nawo anapezekanso nayo, ali pa mankhwala pano, mwezi wachitatu. Kabuku kawo ka kuchipatala ndakasunga ine, masamba onse atatu aja alimo, ndipo tsiku lomwe mudzandiitane ndidzabwera nako kuti mudzawerenge nokha.

Ine wanu,
Namwino wakale, mwana wa wodwala